Striper, mackerel ndi nkhukundembo: mayankho a mafunso omwe mumandifunsa Meyi akafika

Chaka chilichonse, sinowo ikangotha ndipo wina waponya pa WhatsApp chithunzi cha nsomba yamizeremizere, foni yanga siipuma. "Achimwene, nsomba ija mumaigwira pati?" "Nyambo yake n'chiyani?" "Nanga nkhukundembo zikungoyendayenda kuseri kwa nyumbazi, munthu sangagwireko imodzi ya ndiwo?" Ndayankha mpaka kukamwa kuuma, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndikunena za Massachusetts, kuno ku America, chifukwa ndi kumene ndimawedza. Amene muli ku New Hampshire, Maine, Rhode Island kapena Connecticut zambiri zikuthandizani, koma malamulo a boma lanulo muwawerenge nokha, ndipo muziwawerenga chaka ndi chaka chifukwa amasinthasintha.

1. Idziweni kaye nsombayo

Dzina lake lonse ndi striped bass, koma kuno aliyense amangoti striper. Ku Maryland amaitcha rockfish. Ndi nsomba ya m'nyanja yamchere yomwe imakaswera m'mitsinje, monga amachitira mpasa wathu akamakwera Bua. Zambiri zimaswera ku Chesapeake Bay, zina mumtsinje wa Hudson ndi wa Delaware. Zikamaliza kuswa zimayamba ulendo wopita kumpoto, kulondola chakudya ndi madzi ozizirira. Zing'onozing'ono, zomwe amazitcha schoolie chifukwa zimayenda m'chigulu, zimafika kuno kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, kutentha kwa madzi kukafika pafupifupi madigiri 10 a Celsius. Zikuluzikulu zimabwera pambuyo, kumapeto kwa Meyi mpaka Juni. Imakula kwambiri nsomba imeneyi: yaikulu kuposa zonse yogwidwa ndi mbedza inalemera makilogalamu 37, ndipo anaigwira Greg Myerson ku Connecticut mu 2011.

Mackerel ndiye ndiwo ya striper. Musamusokoneze ndi karapau yemwe tinkagula wouma ndi ayezi kumudzi, ameneyo ndi mtundu wina. Wa kuno ndi wobiriwira pamsana, wamizere yakuda yokhotakhota, wamafuta ambiri. Wamng'ono amamutcha tinker, ndipo ameneyo ndiye nyambo yabwino. Mawu enanso omwe muziwamva: pogie kapena bunker ndi nsomba ina yamafuta yomwe striper amaikonda, keeper ndi nsomba yomwe lamulo likukulolani kupita nayo kunyumba, ndipo slot ndi malire a kutalika kwa nsomba yololedwayo.

2. Chilolezo ndi malamulo, musanagule ngakhale mbedza imodzi

Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amafunika chilolezo chowedzera m'nyanja yamchere, chochokera ku Division of Marine Fisheries. Mumachipeza pa intaneti pa MassFishHunt, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wake wakhala madola 10 pa chaka. Azaka 60 kupita m'tsogolo salipira mtengowo koma amayenerabe kulembetsa. Chilolezo cha m'madzi opanda mchere ndi china, musazisakanize.

Lamulo la striper kuyambira 2023 ndi ili: nsomba imodzi pa munthu pa tsiku, yotalika kuyambira mainchesi 28 koma yosafika mainchesi 31. M'masentimita ndi pakati pa 71 ndi pafupifupi 79. Yochepera apo ibwerere m'madzi, yopitirira apo ibwererenso. Apa m'pamene abale ambiri amandikwiyira ngati lamulolo ndinapanga ndine. Munthu wagwira chinsomba chonga mwana wa chaka chimodzi, iwe n'kumuuza kuti achitaye m'madzi! Koma zikuluzikuluzo pafupifupi zonse ndi zazikazi zoikira mazira. Nsombayi inatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1980, mpaka Maryland inaletseratu kuigwira mu 1985. Inachulukanso, mu 1995 anati yabwerera mwakale, koma tsopano yayambanso kuchepa, ndipo kuyambira 2019 ku Chesapeake kwakhala zaka zotsatizana zoswa tiana tochepa. Amene tinaona chambo chikusowa ku Malombe sitifunika kutiuza kawiri.

Malamulo ena omwe anthu amagwa nawo: mukamagwiritsa nyambo yeniyeni, yamoyo kapena yodula, mbedza iyenera kukhala circle hook, mbedza yozungulira yomwe nsonga yake inapindikira m'kati. Kubaya striper ndi ngowe pomukweza n'koletsedwa. Kupitirira mamailosi 3 kuchokera kumtunda ndi madzi a boma lalikulu la dziko lonse la America, ndipo kumeneko kugwira striper n'koletsedwa. Kugulitsa nsomba yomwe mwagwira ndi chilolezo chimenechi ndi mlandu, ngakhale kugulitsa kwa anzanu a kutchalitchi. Komanso m'mwezi wa Meyi muona timitsinje titadzaza ndi nsomba zokwera kukaswa, zotchedwa river herring, zochuluka ngati usipa pa thandala. Musazikhudze. Massachusetts inaletsa kuzigwira kuyambira 2006. Mackerel nayenso ali ndi malire: mu 2023 anaika 20 pa munthu, ndipo nambala ya chaka chino muione musananyamuke. A Environmental Police amayendera madoko ndi magombe, ndipo amatsegula cooler box.

3. Phunzirani kuwerenga madzi

Ife a ku nyanja timadziwa mwera, timadziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera pa nyali. Koma nyanja ya Malawi siidzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Nyanja yamchere imatero, ndipo amene sanamvetse zimenezi amangotaya mafuta a galimoto.

Madzi amakwera kwa maola 6 ndi mphindi zochepa, n'kutsika kwa nthawi yomweyonso. Ku Boston kusiyana kwa madzi odzala ndi ophwa kumafika pafupifupi mamita atatu, kutanthauza kuti pamene mwaima pouma tsopano lino pakhala pomiza munthu wamtali masana. Tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye ngati lero madzi adzala 5 koloko m'mawa, Loweruka likubwerali sadzadzala nthawi imeneyo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kutsika kwambiri, ndipo amathamanga mwamphamvu. Nthawi zonsezi zimalembedwa pa tide chart, yomwe mungaipeze pa foni kapena ku sitolo ya nyambo. Onetsetsani kuti mukuwerenga ya malo omwe mukupitawo, chifukwa ya Boston ndi ya Buzzards Bay zimasiyana ndi maola.

Striper ndi nsomba yaulesi koma yochenjera. Sathamangitsa chakudya pachabe. Amabisala kuseri kwa mwala, pamphepete pa dzenje, kapena pamene kamtsinje kakutsirira m'nyanja, n'kumadikira kuti madzi amubweretsere ndiwo pakamwa. Choncho madzi akaima, pachimake podzala kapena pachimake pophwa, nayenso amaima. Madzi amathamanga kwambiri mu ola lachitatu ndi lachinayi kuchokera pamene ayamba kukwera kapena kutsika. Pakamwa pa mtsinje, monga pa Merrimack ku Plum Island, madzi otuluka ndiwo abwino chifukwa amakokolola tinsomba kuchokera m'madambo. Pa magombe amiyala ine ndimakonda maola awiri omalizira a madzi okwera ndi awiri oyambirira a madzi otsika. Nthawi imeneyi ikakumana ndi mbandakucha kapena chisisira, pemphani tchuthi kuntchito.

Chinthu chimodzi chomwe ndimauza aliyense: malo atsopano kawaoneni kaye madzi ataphweratu, opanda ndodo m'manja. Onani pamene pali miyala, maenje ndi ngalande. Jambulani ndi foni. Madzi akadzala mudzakhala mukudziwa pamene nsomba yakhala.

Ndipo muziyang'ana kumbuyo kwanu. Chaka changa choyamba ndinakwera pa mwala wina madzi ali pansi, maso onse kutsogolo. Pamene ndinkatembenuka njira yomwe ndinadzera inali itasanduka mtsinje. Ndinawoloka madzi ali m'chiuno, ozizira ngati akuluma, foni n'kufera m'thumba. Madzi a Meyi kuno amafoola manja ndi miyendo m'mphindi zochepa, ngakhale kunja kukutentha. N'chifukwa chake lamulo limati wa pa kayak (kabwato kakang'ono kopalasa) kapena bwato lina lopalasa avale jekete yoyandamitsa kuyambira 15 Sepitembala mpaka 15 Meyi. Ine ndimati valani mpaka Juni yense. Miyala yandere imaterera ngati therere, ndiye nsapato zikhale zogwira.

Za malo: Cape Cod Canal ndi yotchuka kwambiri, ili ndi misewu mbali zonse ziwiri ndipo amawedza ali kumtunda okha, pa boti n'koletsedwa. Koma madzi ake ndi aukali, anthu ndi ochuluka, ndipo si malo ophunzirira. Yambani ku Castle Island kapena Deer Island ku Boston Harbor, ku Nahant, kapena ku Cape Ann. Mukapita ku Plum Island dziwani kuti gombe la Parker River National Wildlife Refuge limatsekedwa kuyambira Epulo chifukwa cha timbalame toikira mumchenga totchedwa piping plover.

4. Zida

Apa sindichedwapo. Wa pa boti kapena kayak, ndodo ya mafiti 7 ikukwanira. Wa kumtunda atenge ya mafiti 9 kapena 10. Chokulungira chingwe chikhale chopangidwira madzi amchere, chingwe cholukidwa chotchedwa braid, chopirira kulemera kwa mapaundi 30 kapena 40, ndipo kumapeto mumangirire chingwe choonekera cha fluorocarbon chotalika ngati mkono umodzi ndi theka. Ma circle hook a saizi 6/0 mpaka 8/0, owongoka, nsonga yake yosapotokera pambali. Onjezani pulayala, tepi yoyezera, tochi ya pamutu ndi ayezi. Ndodo yachiwiri yopepuka ndi ya mackerel. Mukafika kunyumba tsukani zonse ndi madzi a pampopi, mchere umadya chitsulo kuposa dzimbiri la m'dzinja.

5. Kugwira mackerel

Chida chake ndi sabiki, mawu ochokera ku Japan. Ndi chingwe chokhala ndi timbedza tingapo, kalikonse kali ndi kanthenga kapena kachikopa konyezimira. Pansi pake mumamangirira chitsulo cholemera kapena diamond jig, kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza. Nyambo siifunika.

Pitani kusanache. Pa boti, yang'anani madzi akuya mafiti 40 mpaka 100 pafupi ndi miyala ya pansi kapena kunja kwa doko, ndipo ngati botilo lili ndi makina oonera nsomba, gulu la mackerel limaoneka ngati mtambo. Tsitsani sabiki, kwezani ndi kutsitsa ndodo pang'onopang'ono, mukusintha kuya mpaka mutawapeza. Woyamba akaluma musathamangire kukoka. Kugwedeza kwake kumaitana anzake, ndipo mutha kukweza anayi kapena asanu nthawi imodzi. Koma chingwe chikhale chokoka, mukachilekerera amazungulirana n'kupanga mfundo yomwe simungaimasule. Ena amaboola chitini cha chakudya cha mphaka n'kuchipachika m'madzi kuti fungo lisunge gululo pansi pa boti. Zimagwira ntchito.

Opanda boti, mackerel amafika pa madoko ndi pa milatho ya kumpoto kwa Boston, ku New Hampshire ndi ku Maine, koma sapangana ndi munthu. Lero alipo, mawa kulibe. Funsani ku sitolo ya nyambo, ndipo mugulepo kanthu musanafunse. Safunsa anadya phula, komanso wofunsa chimanjamanja amauzidwa za sabata yatha.

6. Kumusunga wamoyo

Apa m'pamene ambiri amalephera, ndipo malangizo ambiri amangolumphapo ndi mawu akuti "ikani nyambo yanu m'madzi".

Mackerel sali ngati mlamba woti ukhoza kumusiya m'ndowa mpaka madzulo. Amapuma posambira: madzi amayenera kumadutsa m'kamwa mwake nthawi zonse, ndipo akaima amabanika. Ulendo wanga woyamba ndinaika khumi ndi awiri m'chidebe cha penti, ndikudziona ngati katswiri. Tisanafike pa malo a striper onse anali chagada.

Chosungiramo chikhale chozungulira, chopanda ngodya. M'chinthu cha makona anayi mackerel amakakamira pakona, kumenyetsa mphuno mpaka kufiira, n'kufa. Madzi azilowa atsopano ndi kutuluka, osati kungophulika thovu. Kampope ka thovu ka m'sitolo ya nyambo n'kothandiza tinsomba tating'ono, koma mackerel amafuna madzi oyenda ndi ozizira. Boti lokhala ndi thanki yake, yomwe amati livewell, lathetsa kale vutoli. Wa pa kayak agwiritse chipaipi chobooledwabooledwa chotsekedwa mbali zonse, chomwe amachikoka m'madzi pambali, nsomba zitaloza kutsogolo. Ngati muli ndi chidebe chokha, ikanimo atatu basi, ndipo muzisintha madzi mphindi zingapo zilizonse osatopa.

Musamugwire ndi manja pomuchotsa pa sabiki. Khungu lake ndi losalimba, ndipo pamene mwagwira ndi dzanja louma pamasanduka bala. Gwirani kambedzako ndi pulayala kapena kawaya kokhota, mutembenuze pamwamba pa thanki, agweremo yekha. Amene wavulala kapena akutuluka magazi asalowe m'thanki, apite pa ayezi, akhala nyambo yodula kapena ndiwo. Ndipo musaunjike. Asanu ndi mmodzi amphamvu amaposa makumi awiri ofooka, chifukwa chomwe chimakopa striper ndi kunjenjemera kwa nsomba yomwe ikuthawa.

Chanzeru kwambiri ndi kufupikitsa ulendo. Sakani mackerel pafupi ndi pamene mukawedzere, ndipo muwerengere kuti muwagwire ola limodzi madzi abwino asanayambe, osati maola anayi.

7. Kumukola pa mbedza, ndi kuphunzitsa dzanja kudikira

Pali malo awiri okolapo. Ngati boti likuyenda pang'onopang'ono kapena madzi akuthamanga, lowetsani mbedza m'mphuno, kuchokera bowo lina kutulukira linalo, kuti azisambira molunjika. Ngati mwaima pamalo amodzi, kolani pamsana kutsogolo kwa chipsepse, mosazamitsa, osakhudza fupa la msana. Nsonga ya mbedza ikhale poyera, ndipo muonetsetse kuti sinabaye mamba kapena kubwerera m'thupi. Muponyeni mofatsa, osati ngati mukugenda mango. Msiyeni asambire pafupi ndi miyala kapena pamphepete pa madzi othamanga. Akamalowa pansi n'kukola m'zomera, mangani choyandamitsa mkono umodzi kapena iwiri pamwamba pake. Ena amamanga baluni, koma baluniyo imathera m'mimba mwa akamba ndi mbalame, ine sindiigwiritsa.

Tsopano tafika povuta penipeni. Tonse amene tinakula tikuwedza ndi bango tinaphunzira chinthu chimodzi: ikagwedeza, koka! Dzanja limachita lokha mutu usanaganize. Ndi circle hook, kukoka kumeneko ndi kumene kumakutayitsani nsomba. Mbedza imeneyi nsonga yake inapindikira m'kati. Inapangidwa kuti nsomba ikameza n'kutembenuka, chingwe chikamakokeka pang'onopang'ono, mbedzayo itsetsereke kuchoka kukhosi n'kudzakola pa ngodya ya mlomo. Mukatsomphola mwamphamvu imangotuluka m'kamwa osakola kanthu.

Zimachitika motere. Poyamba mumva mackerel akunjenjemera kwambiri, kuthamangira uku ndi uku, nthawi zina kudumpha pamwamba. Waona mdani. Musachite kanthu. Kenaka mumva kugunda kumodzi kolemera, kapena muona madzi akuphulika. Striper alibe mano odulira, nthawi zambiri amayamba wamenya nyamboyo kuti ifooke, n'kuitembenuza kuti aimeze kuyambira kumutu. Musachitebe kanthu, chingwe chikhale chomasuka kuti atenge osamva kulemera. Chikayamba kutuluka mosalekeza, molunjika mbali imodzi, werengani mumtima mpaka zisanu, mosathamanga. Lozetsani ndodo kumene chingwe chikupita, tsekani chokulungira, ndipo yambani kukulunga mofatsa mpaka ndodo itapindika yokha. Ikapindika n'kukhala yopindika, nsomba yakola. Apo ndiye kwezani ndodo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kukhale ndi malire. Mukawerenga mpaka makumi awiri nsomba imeza mpaka m'mimba, ndipo ngakhale circle hook nthawi zina imakola m'kati. Mackerel akakhala wamkulu onjezerani pang'ono, akakhala tinker chepetsani. Ine zinanditengera nyengo yathunthu kuti dzanja limvere. Chomwe chinandithandiza ndi kusiya ndodo m'choikamo chake pa boti n'kupinda manja, chifukwa choikamo ndodo sichitengeka mtima.

Mukakweza mackerel wodulidwa pakati ngati ndi mpeni, wamudulayo si striper, ndi bluefish, nsomba ya mano akuthwa, ndipo zala zanu zitalikire kukamwa kwake. Mukaona mutu wakuda wonga wa galu ukusuzumira, ndi seal, nyama ya m'nyanja yodya nsomba. Samukani, akudyerani nyambo ndi nsomba yomwe.

Wa kumtunda wopanda nyambo yamoyo asadandaule. Dulani mackerel watsopano m'zidutswa zitatu kapena zinayi, kolani chidutswa pa circle hook nsonga ili poyera, ikani chitsulo chotsetsereka pa chingwe kuti nsomba ikakoka isamve kulemera, ponyani, dikirani. Mutu ndiwo umagwira zikuluzikulu. Sinthani nyambo pakatha mphindi 15 kapena 20 chifukwa fungo limasukuluka ndipo nkhanu zimadya. Lamulo la dzanja ndi lomwe lija.

8. Kuyeza ndi kubweza

Musamutopetse kwa nthawi yaitali pofuna kusangalala. Akafika pafupi, nyowetsani manja, gwirani mlomo wa m'munsi ndi chala chachikulu, dzanja lina lichirikize mimba. Musamupachike ndi mlomo wokha, musalowetse zala m'zopumira zake, musamugoneke pa mchenga wouma. Samalani ndi minga ya pamsana, imabaya. Poyeza, agone chogona, kukamwa kotseka, kuyambira kumlomo mpaka kumapeto kwa mchira mutaupanikiza pamodzi, tepi ili yowongoka pansi pake osati yokulunga thupi. Ngati mukukayika, ndi wamfupi kapena wapitirira, mubwezeni.

Akatswiri amawerengera kuti mwa nsomba 100 zobwezedwa, 9 zimafa, ndipo poti zobwezedwa ndi zochuluka zedi, imfa zimenezi n'zambiri. Mbedza ikalowa m'kati dulani chingwe pafupi ndi mlomo, musafukule. Chithunzi chikhale cha nthawi yomwe inu mungathe kugwira mpweya. Pomubweza, mugwireni m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka chipsepse cha pamsana chitaima ndipo wayamba kukulumani chala. Ndipo mukasunga mmodzi, mwamaliza. Kutaya wakufa chifukwa mwagwira wonenepa kuposa woyamba n'koletsedwa.

9. Kunyumba

Keeper mudule zopumira kuti magazi atuluke, n'kumuika pa ayezi nthawi yomweyo. Mnofu wake ndi woyera, wokoma ndi tomato ndi anyezi, ndipo mutu musataye, msuzi wake ndi nsima umakumbutsa kampango. Mackerel ndiye sachedwa kuonongeka. Akakhala padzuwa amapanga poizoni yemwe satha ngakhale mutaphika, munthu amatuluka zidzolo ndi kumva mutu. Ayezi kuyambira pa boti, ndipo mudye tsiku lomwelo kapena mawa lake, wootcha pa makala kapena wowamba.

Striper wamkulu amasunga mankhwala oipa a m'madzi monga PCB ndi mercury. Boma la Maine limalangiza amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono kuti asadye n'komwe, ena onse asapitirire kanayi pa chaka. Ku New Bedford Harbor kuli zikwangwani zoletsa kudya nsomba za malo ena, muziwerenge.

10. Nkhukundembo

Yankho lachidule kwa achimwene aja: ayi, ya kuseri kwa nyumba simungaigwire, kaya ndi msampha, legeni kapena chimanga chothira pakhomo la garaja. Ndi nyama yotetezedwa ndi lamulo, ili ndi nyengo yake. Zinatheratu mu Massachusetts pofika 1851. Mu 1972 ndi 1973 anabweretsa 37 kuchokera ku New York n'kuzimasula ku Berkshires, kumapiri a kumadzulo kwa Massachusetts, ndipo lero zilipo zoposa 30,000, mpaka zina zimatseka misewu ku Brookline ndi ku Cambridge.

Njira yovomerezeka ndi yaitali, ndipo ngati mukuyamba kuiganiza mu Meyi, mukukonzekera za chaka chamawa. Mumayamba ndi maphunziro a Basic Hunter Education a MassWildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kenaka chilolezo cha ulenje, chilolezo chapadera cha nkhukundembo, ndiponso chilolezo cha mfuti chomwe chimadzera ku polisi. Amene mulibe unzika kapena green card, samalani kwambiri: malamulo a mfuti kwa anthu a visa ndi okhwima, ndipo kulakwitsa apa kungakuonongereni mapepala. Funsani loya musanagwire mfuti ya mnzanu ngakhale pojambulitsa.

Nyengo yomwe ndikunena pano imayamba Lolemba lomaliza la Epulo n'kutha patapita masabata anayi. Kusaka kumayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke n'kutha 12 koloko masana, ndipo Lamulungu kwakhala koletsedwa kuyambira kalekale. Amaombera yandevu yokha, ndiye kuti yokhala ndi kamtolo ka ubweya kolendewera pachifuwa, yomwe nthawi zambiri ndi yamphongo. Yamphongo yaikulu amati tom, yachinyamata jake. Nyambo, agalu ndi makina oitanira amagetsi n'zoletsedwa nyengo imeneyi. Simuombera pa mtunda wosakwana mafiti 500 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu popanda chilolezo cha mwini wake, kapena mafiti 150 kuchokera pa msewu, ndipo mukapha mumalembetsa pasanathe maola 48.

Kusaka kwake sikufanana ndi kuthamangitsa nkhanga ndi agalu. Madzulo mumakamvetsera mtengo womwe zagona. M'mawa kuli mdima mumakakhala pansi, msana mutatsamira mtengo waukulu kuposa mapewa anu, n'kumalira ngati thadzi ndi kabokosi kathabwa kokhwekhweza. Tambala amayankha ndi mkokomo womwe umagwedeza chifuwa. Vuto n'lakuti mwachibadwa thadzi ndi lomwe limapita kwa tambala, ndiye inu mukumupempha kuti achite zosemphana ndi mwambo wake. Oyamba kumene amaitana mobwerezabwereza mpaka iye amangoima patali kudikira mkaziyo. Akayankha kawiri, khalani chete. Akasiya kulira nthawi zambiri ndiye kuti akubwera, ndipo maso ake amaona ngakhale kugwedeza kwa chala. Ndi matenda omwe aja a dzanja lofulumira, angosamukira m'nkhalango.

Musanyang'amire kulira komwe mwamva, mwina ndi mlenje mnzanu ali ndi mfuti. Musavale chofiira, choyera, chabuluu kapena chakuda, imeneyo ndi mitundu ya mutu ndi thupi la tambala. Mukaona mlenje wina musakweze dzanja, lankhulani mokweza. Ndipo mukabwerako, kaya mwapha kaya ayi, vulani zovala zonse mudzifufuze nkhupakupa m'khwapa, m'chuuno, kuseri kwa mawondo ndi m'tsitsi. Za kuno mu Meyi ndi Juni zimakhala zazing'ono ngati njere ya mpiru, zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo pa khungu lathu lakudali chizindikiro chofiira chomwe madokotala amayang'ana sichioneka msanga. Mukamva malungo ndi kuphwanya m'thupi patapita masiku, muuzeni dokotala kuti munali m'tchire.